Mbala Yodzuka Pamodzi ndi Kompyuta

A Sajeni anali kuthirira tomato wawo kuseri kwa nyumba pamene anamva munthu akufwenthera pa mpanda. Mayiwa ntchito ya upolisi anaisiya kalekale, koma dzina linawakakamira ngati chisoso, ndipo makutu nawo anakana kupuma. Anaika ndowa pansi.

"Amene ukulira pamenepowe, lowa. Mpanda wanga sufuna kuthiriridwa."

Analowa Kasingano, mpongozi wa mayi a shopu yopeta nsalu imene inali pafupi ndi nyumbayo. Dzinali anthu anamupatsa chifukwa anali wochepa thupi koma wakuthwa pa ntchito. Ndiye ankajambula maluwa onse pa kompyuta, makina n'kumawapeta pa madiresi, pa mayunifomu a makwaya ndi pa nsalu za patebulo.

"Andilanda kiyi, a Sajeni. Chikwama andilongedzetsa kale. Akuti Loweruka ndikwere basi, ndibwerere kwa amayi anga."

"Walakwanji?"

"Akuti ndikumaba maluwa athu n'kumagulitsa kwa telala wa kutsidya kwa msewu."

"Ukumabadi?"

Kasingano anadzutsa mutu, misozi ili lengelenge. "Ndibe thukuta langa lomwe?"

"Usakwiye, mwananga, ndimafunsa aliyense choncho. Ngakhale abusa ndinawafunsapo." Anapukuta manja pa diresi. "Lero ndi Lachitatu. Basi yakoyo isathamange. Tiye."

*

Shopuyo inali chipinda chimodzi chachitali. Pakona panali makina opetera, atagona ngati ng'ombe yokhuta. Khoma lina lonse linali mashelefu a ulusi wamitundumitundu, mpukutu uliwonse uli ndi chizindikiro cha tambala wofiira. Pafupi ndi windo panali kompyuta yakale, ndipo pamwamba pake, pa kashelefu, panali kabokosi ka intaneti kokhala ndi kanyali kobiriwira.

Apongozi a Kasingano anali akudula nsalu, ndipo sizasi inkalira ngati nayonso yakwiya.

"Ine, a Sajeni, sindinamizira munthu. Mwanayu ndinamulandira ndi manja awiri. Koma tamverani. Duwa lililonse limene wajambula, mawa lake lapachikidwa pa windo kutsidyaku. Ndinati mwina n'kufanana kwa nzeru, ndinakhala chete. Mwezi wathawu anapita kukadwazika amayi ake. Ali komweko ankajambulabe n'kumatumizira mwamuna wake, iye n'kumalowetsa mu kompyutamu. Sabata yonseyo kutsidyaku kunali zii, ngakhale katsamba kamodzi. Wangobwera, mawa lake masana maluwa onse aja ali pa windo la telala uja. Onse! Ngakhale la kwaya ya amayi, limene eniake anali asanalione. Nanga mbuzi zikamasowa pokhapokha m'busa akakhalapo, mumafunsa ndani?"

"Mumafunsanso mbuzi zotsalazo," anatero a Sajeni. "Kompyutayi amaigwira ndani?"

"Iyeyu ndi mwana wangayo. Ine ndimangoipukuta fumbi."

"Amaiyatsa ndani m'mawa?"

"Iyeyu. Amadina n'kutenga tsache. Chinthu chimenechi chimachedwa kudzuka kuposa malemu amuna anga, Mulungu awasunge. Timasesa, timatereka madzi, timamwa tiyi pakhonde. Tikamva nyimbo yanga ya kutchalitchi yayamba, timadziwa kuti yadzuka, n'kulowa."

"Ndiye palibe amene anaionererapo ikudzuka?"

Apongozi anaika sizasi pansi. "Tiionerere chiyani? Munthu akamavala mumamuyang'anitsitsa?"

A Sajeni anaseka mpaka anagwira tebulo. Koma maso awo sanaseke nawo. Anali pa kompyuta paja.

*

Mwamuna wa Kasingano a Sajeni anamupeza kuseri kwa shopu atakhala pa ndowa yovundikira, wailesi ili pakhutu koma yosayatsa. Anthu ankamutcha Goloboyi, chifukwa ali mnyamata ankagwira pagolo, ndipo nkhani za masiku amenewo anali asanazimalize mpaka pano.

"A Sajeni, ine ndili pa penate," anatero. "Ndikagwera uku, amayi agoletsa. Ndikagwera uku, mkazi wanga wapita. Ndangoima pakati ngati mtengo."

"Ukukhulupirira kuti anaba?"

"Uyu? Uyu akatola singano pamsewu amafunsa mwini wake."

"Ndiye bwanji sukuwauza amayi ako?"

"Ndinawauza. Anati chikondi chinanditseka m'maso ngati phula."

"Chabwino. Sabata imene mkazi wako kunalibe, kompyuta unkaiyatsa nthawi yanji?"

Goloboyi anawayang'ana modabwa. "Kuyatsa? Anaizimitsa ndani? Ine mtima wodikira chinthu chimenecho ndilibe. Madzulo ndinkangoifunditsa nsalu n'kukhoma chitseko. Inakhala maso sabata yonse, ndipo sinadandaule. Wozimitsa ndi mkazi wangayu. Iye magetsi amawasamala ngati mchere. Tsiku limene anabwera, asanavule n'komwe nsapato, anayamba waizimitsa, kenako n'kundikalipira."

"Mawa lake n'kuiyatsa."

"Eya."

"Masana ake maluwa ali kutsidya."

Goloboyi anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. "A Sajeni, mukutanthauza kuti..."

"Sindikutanthauza kanthu. Yatsa wailesi yakoyo, ukuoneka ngati wamisala."

*

Telala wa kutsidya anali bambo wamfupi, wa magalasi pamphuno ndi mapini pakamwa. Mawu ake ankatuluka ochepa, ngati nawonso amagulidwa pa mita.

"Ndimagula. Sindiba."

"Mumagula kwa ndani?"

"Kwa munthu wanga."

"Munthu wanuyo amawatenga kuti?"

"Kunja kwa dziko. Amaitanitsa. Amabwera nawo mu foni."

"Dzina lake?"

"Ndinalonjeza. Akuti ndikatchula, matelala onse amuthamangira."

A Sajeni anayendetsa maso m'shopumo. Pa windo panali duwa la kwaya lija, lopetedwa bwino ndithu. Pa shelefu panali mipukutu ya ulusi, uliwonse ndi tambala wake wofiira.

"Amabwera nawo nthawi yanji?"

"Dzuwa likakwera. Mam'mawa sabwera."

"Sanaphonyepo?"

Telala anachotsa pini imodzi pakamwa. "Mwezi watha. Sabata yathunthu. Anati sitima yachedwa panyanja."

"Maluwa a mu foni amakwera sitima, abambo?"

Telala anachotsa mapini onse, n'kuwaika pa tebulo imodziimodzi.

"Nanenso ndinadabwa," anatero.

*

Lachinayi m'mawa a Sajeni anafika shopu isanatsegulidwe, atanyamula mpando wawo. Kasingano atangodina kompyuta, dzanja lake linapita lokha ku tsache.

"Siya tsache. Lero tonse tikhala pano, tiione ikuvala."

Anakhala anayiwo moyang'ana sikirini ngati anthu odikira dokotala. Apongozi anakhala kumapeto, manja atapinda, nkhope ataloza kwina. Kwa kanthawi kunalibe chochitika. Kenako zinthu zinayamba kutulukira, chilichonse pa nthawi yake, ngati ana a m'nyumba imodzi akudzuka. Poyamba inatseguka pulogalamu yoyendetsa makina opetera. Kenako kabokosi ka zigoli za mpira.

"Kangako," anatero Goloboyi monyadira.

Kenako panatulukira tambala wofiira, anakupiza mapiko, anaonetsa mitundu ya ulusi, n'kuzimiririka. Patapita kanthawi ndithu, nyimbo ya apongozi inayamba.

Koma a Sajeni sanali kuyang'ananso sikirini. Anali kuyang'ana kabokosi ka intaneti. Kanyali kobiriwira kaja, kamene kanali phee chilowereni, kanali kuphethira mothamanga ngati chiphaniphani cholumidwa ndi nyerere. Kanaphethira, kanaphethira, mpaka nyimbo inafika pakati, kenako kanakhazikika.

"Mwananga, kanyalika kakamatere ndiye kuti chiyani?"

"Ndiye kuti china chake chikulowa kapena chikutuluka," anayankha Kasingano pang'onopang'ono.

"Iwe watumiza kanthu?"

"Manja anga ali pano, a Sajeni."

"Manja ake ali apa, mayi," anabwereza a Sajeni, osatembenuka. Nkhope ya apongozi ija inabwerera ku sikirini. "Tsono tandiuza, zinthu zimene zimadzuka ndi kompyutazi, ungathe kuuza china kuti chigonebe?"

Kasingano anati angathe. Anatsegula malo a mu kompyuta amene amasunga mapulogalamu odzuka okha ikangoyatsidwa. Iliyonse inali ndi kabatani kake pambali, koilola kapena koiletsa.

"Basi, zaphweka," anatero a Sajeni. "Kwathu chimanga chikamadyedwa, sitinkamenya mbuzi zonse. Tinkamanga imodzi n'kuona ngati chimanga chadyedwanso. Jambula kaduwa kalikonse ka nyambo, umange mbuzi yoyamba, uzimitse, uyatsenso."

Inali ntchito yofuna mtima wautali, chifukwa kompyutayo nthawi iliyonse inkadzuka ngati yagona chaka. Anamanga nyimbo ya apongozi. Kanyali kanaphethirabe.

"Ndinadziwa," anatero apongozi. "Nyimbo ya Mulungu singabe."

Anajambula kaduwa kena, n'kumanga mpira. Goloboyi anatseka m'maso, milomo ikuyenda ngati akupemphera. Kanyali kanaphethirabe.

"Ndawina apilo!" anakuwa, mpaka amayi ake anamumenya ndi tepi yoyezera.

Tiyi anali ataphikidwa kachiwiri pamene anamanga tambala. Kompyuta inadzuka. Makina analira pang'ono. Zigoli zinabwera, kanyali kanaphethira kamodzi n'kusiya. Nyimbo inayamba, inafika pakati, inatha. Kanyali kanangokhala phee, ngati diso la mphaka wokhuta.



"Tambalayu anamuika ndani?" anafunsa a Sajeni.

Apongozi anaimirira pang'onopang'ono, dzanja lili pachifuwa. "Waulusi," anatero ndi mawu otsika. "Wogulitsa ulusi uja. Anati n'zotithandiza kusankha mitundu. Anati n'zaulere, chifukwa ndine kasitomala wake wapamtima." Anayang'ana mpando wa pa kompyuta. "Ndinamupatsa mpando ndine. Ndi tiyi."

"Amabwera liti?"

"Lachisanu lililonse. Mawa."

"Kanyali sikangaime m'khoti," anatero a Sajeni. "Mwananga, masula tambalayo, adzadzuke mawa monga mwa masiku onse. Koma usanazimitse, undijambulire duwa limodzi lapadera. Bwera ndikunong'oneze."

Kasingano atamva, anagwira pakamwa. Kanali koyamba kuseka sabata imeneyo.

*

Waulusi anafika ndi njinga yake yamoto dzuwa litatuluka bwino, bokosi la ulusi kumbuyo, chipewa chachikasu kumutu, mimba patsogolo. Mawu ake analowa m'shopu iye asanalowe.

"Mayi wanga! Mfumukazi ya singano! Mwadzuka bwanji, duwa la mumsewu uno? Achimwene Goloboyi, manja a golide! Alamu anga okongola, bwanji mwaonda? Aa, ndipo kuli alendo! Mayi, nkhope yanu ndi ya munthu wodziwa ulusi wabwino."

"Ndimadziwa zingwe," anatero a Sajeni. "Khalani pansi, tiyi wapsa."

Waulusi anayang'ana mpando, anayang'ana kompyuta yozimitsa. "Simunayatsebe? Dzuwa lonseli?"

"Timadikira inu," anatero apongozi. Mawu awo anali osalala ngati nsalu yosita. "Dina, mwana iwe."

Kasingano anadina.

"Tiyi simumwera pakhonde lero? Kunjaku kuli kamphepo kabwino, mayi wanga."

"Lero timwera momwemuno."

Pakhomo panaima munthu wina. Anali telala wa kutsidya, amene a Sajeni anamuitana kuti adzangoima n'kumaonerera. Waulusi atamuona, kapu inagunda pa mano.

"Bwana wanga! Inunso muli kuno? Koma dziko ndi laling'ono!"

"Msewu ndi umodzi," anatero telala.

Makina analira. Zigoli zinabwera. Tambala wofiira anatulukira pa sikirini, anakupiza mapiko n'kuzimiririka. Kanyali kanayamba kuphethira. Supuni ya a Sajeni inkazungulira m'kapu.

Ndiye m'thumba la shati ya Waulusi munalira tambala. Kokoliliko!

"Foni yanu, abambo," anatero a Sajeni. "Taonani, mwina sitima yafika."

"Aa, ndi akazi anga amenewo, mayi wanga, amavuta m'mawa. Ndiwayankha kunja."

Anadzuka mofulumira akutulutsa foniyo kuti aizimitse, koma phazi linakola mwendo wa mpando. Foni inaphonyoka m'manja, inauluka molunjika pa simenti. Goloboyi, amene sabata yonse anali chiimire ngati mtengo, anadziponya chammbali, thupi lonse m'malere, n'kuiwakha ndi dzanja limodzi isanagunde pansi.

"Mwaona?" anakuwa ali chigonere pakati pa zidutswa za nsalu. "Mwaona, amayi? Ndimanama ine?"

Anaikweza m'mwamba ngati chikho. Sikirini inali ikuwala, ndipo pamenepo panali duwa latsopano limene linali litangofika kumene. Linali chithunzi cha bambo wa mimba yaikulu ndi chipewa chachikasu, atakwera njinga yamoto, dzanja limodzi likupereka moni, lina litabisa mtolo wa maluwa kumsana. Ngakhale kadontho ka pamphuno pake Kasingano sanakaiwale.

Telala anayandikira, anakweza magalasi, anayang'ana foni, anayang'ana Waulusi.

"Kunja kwa dziko kwake ndi kuno?"

"Bwana wanga, ndikufotokozereni..."

"Ndimadumpha msewu ndi miyendo yanga. Sindifuna sitima."

"Mayi wanga, mfumukazi, inu mukundidziwa..."

"Ndinkakudziwa," anatero apongozi. "Bweza kapu yanga."

A Sajeni anali ataimbira kale wapolisi wina amene anamuphunzitsa ntchito zaka zapitazo. Wapolisiyo anafika posakhalitsa, anawachitira sawatcha ngati akadali pa ntchito, n'kutenga Waulusi pamodzi ndi foni yake. Pochoka ananena kuti adzayendera mashopu ena onse amene ali ndi tambala wofiira. Telala anabwerera kutsidya osanena zambiri. Patangopita kanthawi, anamuona akutsitsa duwa la kwaya pa windo lake, n'kulipinda bwinobwino.

*

Apongozi anatuluka, kulowera kunyumba kuseri kwa shopu. Kasingano anayang'ana a Sajeni mwamantha.

"Asiye," anatero a Sajeni. "Iwe sesa m'kati mwa chinthu chakochi."

Kasingano anakhala pa kompyuta. Tambala sanangomumanga, anamuchotseratu ndi nthenga zomwe. Anapezanso tinthu tina timene tinkadzuka tokha popanda wotituma: ka pulinta imene inawonongeka kalekale, ka masewera amene palibe ankawakumbukira. Tonse anatigoneka. Kenako chala chake chinafika pa zigoli.

"Iii, mkazi wanga, pamenepo ayi! Ine ndagwira mbala lero!"

"Sindikuchotsa, bambo. Ndikungoti kasamadzuke ndi kompyuta. Mukafuna zigoli, muzitsegula nokha. Manja a golide muli nawo."

Anasiya ziwiri zokha, ya makina ndi nyimbo.

Apongozi anabwera atanyamula chikwama chija. Anachiika pa tebulo lodulira nsalu, anachitsegula, n'kuyamba kutulutsa zovala chimodzichimodzi, akuzikung'untha ngati zili ndi fumbi.

"Kulongedza kwake kotani kumeneku," ankang'ung'udza. "Diresi labwinobwino kulikwinya chonchi. Ukanafika nalo bwanji kwa amayi ako? Akanati kuno tilibe simbi." Anavula chingwe cha kiyi m'khosi mwawo n'kumuveka Kasingano. "Ndinafunsa m'busa, mwana wanga, mbuzi osazifunsa. Undikhululukire."

Kasingano anagwira manja awo onse awiri. "Zatha, amayi."

"Zatha chiyani, ndidakali ndi manyazi mpaka Khirisimasi. Tayatsa chinthu chakocho tione."

Kasingano anazimitsa n'kuyatsanso. Apongozi, mwa chizolowezi, anatembenuka kuti atenge tsache. Dzanja lisanafike pa mpini, nyimbo yawo inayamba.

Anaima chilili. "Yadzuka?"

"Yadzuka, amayi."

"Kale?"

"Katundu amene inkasenza uja tamutula."

Apongozi anayang'ana kompyuta, anayang'ana ketulo, anayang'ana khonde kumene mipando iwiri inkawadikira m'mawa uliwonse chibwerere mpongozi wawo pakhomopo.

"Nanga tiyi wathu tizimwa nthawi yanji?"

A Sajeni anali kupinda mpando wawo, akumwetulira chamumtima.

"Izimitse," analamula apongozi. "Kuyambira lero izidikira ifeyo. Iwe Goloboyi, tsuka makapu, wagona pansi mokwanira. A Sajeni, tomato wanu safa lero, khalani." Anagwira Kasingano pa mkono n'kumukokera kukhonde. "Tiye, mwana wanga. Kapu yoyamba ndi yako, ndipo shuga ndikuthirira ndine."